Ochemerera a Kuseri kwa Mapiri

Munthu wofuna kulondola mbiri ya mpira wa miyendo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago, kuyambira ku Meluluca kummwera, kudzera pa Metangula, Chiwanga, Messumba ndi Ngoo, kufikira ku Cobué ndi midzi ya kumpoto yoyang'anana ndi malire a Tanzania, ayenera kuyamba wavomera chinthu chimodzi chowawa, ndicho chakuti chiyambire 1976, pamene dziko la Mozambique lidakhazikitsa mpikisano wake waukulu umene lero utchedwa Moçambola, chikho chake sichidakwerepo mapiri a Niassa ngakhale kamodzi. Chikhalirecho, palibe dooko pagombe lino pamene asodzi, posoka chilimira chawo Lolemba m'mawa, sakangana za zigoli za dzulo lake ndi ukali wonga wa anthu olimbirana malire a munda. Ndipo mlendo womva mkanganowo angayese kuti bwalo limene kudachitikira zinthuzo lili kuseri kwa mtengo wa mango, pamene lili kutali ulendo wa masiku. Chikondi chotere, cha anthu ochemerera osewera amene sadawaonepo ndi maso, chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yakale kuposa ligi imene tikuilirayi.

Mpira udafika kuno ndi amishoni a UMCA, a Chalichi cha Anglican. William Percival Johnson adafika panyanja mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson, amene adamwalira chaka chomwecho ku Chia. Ndipo pofika 1885, mishoni itakhazikika pa Likoma ndi sitima yotchedwa dzina la malemuyo itayamba kuyenda, midzi ya kugombe la kum'mawa idayamba kulandira aphunzitsi amene adaleredwa pa sukulu ya Kiungani ku Zanzibar, mmodzi wa iwo ndiye Augustine Ambali, amene adatumikira zaka zambiri pa Msumba (Messumba). Tsono Kiungani ndi amodzi a malo oyamba kumene ana a Afirika a mbali ino adamenya mpira, pakuti Angerezi a nthawi imeneyo adakhulupirira kuti mnyamata wothamanga masana sadzakhala ndi mphamvu yochimwa usiku. Ndipo ophunzira ake, kulikonse kumene adatumidwa, adanyamula buku la mapemphero pamodzi ndi masewerawo. Pamene sukulu ya aphunzitsi ya St Michael idatsegulidwa ku Kobwe (Cobué) cha m'ma 1900, ndi pamene sitima ya Chauncy Maples idayamba ulendo wake mu 1901, gombe lino lidali ndi sukulu ndi anthu odziwa kulemba ochuluka kuposa madera ambiri a dziko la Apwitikizi, ndipo Vila Cabral, imene lero tiitcha Lichinga ndi kuiyang'ana monga likulu la mpira wathu, idali isanabadwe, pakuti mzinda umenewo udayalidwa mu 1931.

Koma ndiyesa kuti amishoni tingawapatse ulemu wopitirira muyeso tikanena kuti ndiwo adatiphunzitsa kuchemerera. Adatipatsa chikopa chopopa ndi malamulo ake. Mtima wa mpikisano tidaukulitsa tokha, ndipo bwalo limene tidaukulitsira ndilo la mganda. Gule ameneyu adafalikira m'mphepete mwa nyanja itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, potsanzira perete wa asilikali, ndipo mudzi uliwonse wodzilemekeza udali ndi boma lake, lokhala ndi mfumu yake, akapitawo ake, msungichuma wake ndi malamulo ake olanga wochedwa ndi wobwera ndi malaya akuda. Anyamata ankasonkha ndalama za usipa ndi za kuulendo kuti agule makabudula oyera, malaya oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, nakonza malipenga a zikho. Ndipo tsiku la mpikisano likafika, boma la mudzi wina linkabwera pa mabwato kapena pansi, nkulandiridwa ndi nsima ya kondowole ndi nsomba, kenaka nkuvinidwa nalo mpaka fumbi litaphimba dzuwa. Amayi, amene adali ndi chioda chawo cha dongosolo lomwelo, ankapukuta thukuta ovina a kwawo, nanyodola a kwina ndi mawu amene sindingawalembe pano. Mudzi wogonja unkabwerera ndi manyazi a chaka chathunthu, osafuna boma lina, koma kusonkhanso ndi kuyeserera usiku uliwonse pa mwezi. Taonani, zonse zimene wochemerera mpira achita lero, yunifomu, nyimbo, matemberero, kusonkha ndi kudikira chaka chamawa, makolo athu adazichita kale. Kusiyana kwake ndi kumodzi kokha, koma nkwakukulu, kuti boma la mganda lidali lawolawo, ndalama zake zidatuluka m'thumba mwawo, ndipo likagwa ankadziwa khomo loti akagogode.

Mpira wa malipiro sudakhale wotero, ndipo chiyambi cha kusauka kwathu m'menemo chili m'mene dziko lino lidalamulidwira. Kuchokera mu 1891 mpaka 1929 dera lonse la kumpoto kwa mtsinje wa Lúrio lidabwerekedwa kwa Companhia do Niassa, kampani imene idamanga boma lake pa Mtengula (Metangula) mu 1900, ndipo ntchito imene idaidziwa bwino idali yotolera msonkho wa nyumba ndi kugwira anthu a thangata. Pochoka sidasiye njanji, kapena fakitale, kapena mzinda woti nkuutchula kuno kunyanja. M'zaka zomwezo ku Lourenço Marques matimu adali kubadwa motsatizana: Sporting mu 1920, Desportivo mu 1921, Ferroviário ya anthu a njanji mu 1924. Ngakhale kumeneko mwana wakuda sadaloledwe msanga m'matimu a azungu, kotero kuti anthu a m'makomboni adali ndi bungwe lawo la Associação de Futebol Africana kufikira lidathetsedwa mu 1959. Komabe m'fumbi la makomboniwo mudatuluka amuna amene adagwedeza Ulaya. Mário Coluna adachoka ku Desportivo kunka ku Benfica mu 1954; Eusébio, mwana wa ku Mafalala, adachoka ku Sporting kumapeto kwa 1960; ndipo mu 1962 ku Amsterdam, pamene Benfica idakwapula Real Madrid zigoli 5 kwa 3, Coluna adamwetsa chimodzi ndi Eusébio ziwiri. Mbiri imeneyi idafika kugombe kuno kudzera pa wayilesi za aphunzitsi, anamwino ndi eni masitolo, ndipo pomwepo padabadwa mtundu wa wochemerera amene tili naye mpaka lero, wodziwa mpira ndi khutu. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo nzoona kuti chigoli chimodzi cha Eusébio, pochoka pa wayilesi ya pa mishoni kukafika kwa asodzi a ku Mala, chinkakula mpaka kung'amba ukonde ndi kugwetsa goloboyi. Koma wayilesi idali zenera lokhalo limene tidali nalo, ndipo Benfica idapeza kuno abale amene saidziwa, amene akhala akudikira nayo chikho china cha Ulaya chiyambire chaka chimenecho, ikugonja m'mafainolo asanu ndi atatu.

Nkhondo idasintha njira imene makutu athu adapenyako. Mu September 1964 ankhondo a Frelimo adaombera pa Cobué, Apwitikizi nalimbitsa malo awo a asilikali a pamadzi pa Metangula, midzi yambiri nkupserera, anthu miyandamiyanda nkuwolokera ku Likoma, ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota ndi ku Tanzania. Ndipo zimene zidachitika m'zaka zimenezo zidabwerezedwa m'nkhondo yachiwiri, ya pachiweniweni, imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Mibadwo iwiri ya ana a gombe lino idakulira m'dziko la Malawi limene wayilesi yake, MBC, inkaulutsa mpira m'chinenero cha amayi awo, ndipo sikudali kotheka kuti mnyamata amve dzina la Kinnah Phiri likufuulidwa m'Chinyanja, Malawi ikutenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Afirika mu 1978 ndi 1979, mtima wake nukhala chete. Chotero obwerera kwawo adabwera ndi mbale, mabulangete ndi mkangano wa ku Blantyre, wa Bullets ndi Wanderers, matimu awiri a mimba imodzi, pakuti Bullets idapangidwa mu 1967 ndi osewera amene adapatuka ku Wanderers. Iwo amene adasankha Manoma, ndiwo Wanderers, adasankha sukulu ya chipiriro: adapenya Maule, ndiwo Bullets, akutenga ligi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, adapuma mu 2006, nadikiranso kufikira 2017. Sindidamvepo kuti wina wa iwo adasintha malaya chifukwa cha njala imeneyo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Pamenepo tsono wina angafunse kuti, nanga dziko lawo la Mozambique lidawapatsa chiyani choti achemerere? Ufulu utabwera mu 1975, boma latsopano lidafuna kuchotsa fungo la Lisbon m'mabwalo, ndipo Sporting idasanduka Maxaquene, Benfica ya ku Lourenço Marques nisanduka Costa do Sol. Lidatsekanso khomo loti osewera azipita kunja, kufikira m'zaka zomalizira za m'ma 1980, pamene Chiquinho Conde adapita ku Belenenses. Koma chinthu chimene chidaumba mpira wa dziko lino koposa zonse ndi chakuti timu iliyonse yaikulu idatsamira pa kampani kapena nthambi ya boma. Ma Ferroviário onse adya m'mbale ya CFM, kampani ya njanji ndi madooko; Costa do Sol idatsamira pa kampani ya magetsi; Maxaquene pa ya ndege ndi mabwalo a ndege; timu ya ku Songo pa damu la Cahora Bassa; ndipo Textáfrica ya ku Chimoio, imene idatenga chikho choyamba mu 1976 mphunzitsi wake ali Coluna yemwe uja, idali mwana wa fakitale ya nsalu, kotero kuti makina a fakitaleyo atazima, ulemerero wa timu udazima nawo. Werengani mndandanda wa akatswiri kuyambira 1976 mpaka 2015, mudzapeza kuti chikho chidatuluka m'dera la Maputo katatu kokha: ku Chimoio mu 1976, ku Beira ndi Têxtil do Púnguè mu 1981, ndi ku Nampula ndi Ferroviário ya kumeneko mu 2004. Kumene kuli chumuni chofuka utsi ndiko kuli timu. Ndipo gombe la Lago, limene chuma chake ndi usipa wa pa thandala, chinangwa ndi bwato, silidakhalepo ndi chumuni chotero.

Pali chipongwe china chimene mbiri idatichita, ndipo sindingachidumphe. Mu July 1968 Frelimo, Eduardo Mondlane ali mtsogoleri, idachita msonkhano wake waukulu wachiwiri pa Matchedje, m'nkhalango za Niassa kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, m'boma la Sanga loyandikana ndi lathu. Dzina limenelo lidapatsidwa kwa timu ya asilikali, ndipo Matchedje idatenga ligi mu 1987 ndi mu 1990. Motero dzina la dothi la Niassa lidalembedwa pa chikho kawiri, koma timuyo idali ya ku Maputo, ndipo anthu a pa Matchedje penipeni, m'zaka zimenezo za nkhondo, adalibe ngakhale mabatire oti amvere kupambana kwa dzina lawo.

Mtendere utakhazikika, Niassa idapeza timu yoti aitche yake, ndiyo Futebol Clube de Lichinga, imene idasewera mu Moçambola m'zaka za m'ma 2000. Pamenepo munthu wa ku Metangula adatha kukwera galimoto ya matola m'bandakucha, kukwera chitunda cha ku Maniamba, kuyenda makilomita oposa 100 kufikira mzinda wozizira uja wa pamwamba pa mapiri, ndi kuona ndi maso ake, pa bwalo la 1º de Maio, malaya a Costa do Sol ndi Ferroviário de Maputo amene adangowamva pa wayilesi chibadwire. Wa ku Cobué ulendo wake udali wa masiku, wa pamadzi ndi pamtunda, ndipo mwera ukakalipa mpira unkatha iye akali pa dooko. Mnyanja, Myao ndi Mmakua, amene pa zinthu zina sagwirizana msanga, adakhala pa benchi imodzi. Ndipo ndikhulupirira kuti chimene ankachemerera sichidali timu yokha ayi, koma kuti mawu akuti Niassa atchulidwe pa Rádio Moçambique Lamulungu masana pa nkhani ina yosakhala ya umphawi ndi misewu yoipa. Alendo a kunyanja yamchere ankavutika ndi mphepo yozizira ya pamalo okwera mamita oposa 1,300, ndipo pakhomo timuyo idali yovuta kuigonjetsa. Koma ligi siseweredwa pakhomo pokha.

Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 2,000, ndipo kufikira 2009, pamene mlatho wa pa Caia udatsegulidwa, woyenda pansi ankadikira pantoni pa Zambezi. Msewu wa Cuamba, usanathiridwe phula, m'dzinja udali matope okhaokha. Njanji imene idafika ku Vila Cabral mu 1969 idagona zaka zambiri mpaka idakonzedwanso mu 2016. Chifukwa chake ligi ya dziko lalitali chotere imayenda pa ndege za LAM, ndipo mtengo wa matikiti ndiwo mtolo wolemera koposa wa Moçambola yonse, mtolo umene wakhala ukuimitsa mpikisano pakati pa chaka ngongole ikakula. Timu ya ku Maputo inkasewera masewero ambiri a kwa eni osatuluka mumzinda wake. Ya ku Lichinga ulendo uliwonse udali wa kutali, wogona m'njira, wodya ndalama za chakudya ndi malo ogona zimene zikadalipira osewera. Ndipo mnyamata akangoonetsa mwendo wabwino chaka chimodzi, matimu a makampani ankamutenga, pakuti palibe mayi angauze mwana wake kuti akane malipiro a mwezi ndi mwezi chifukwa cha chikondi cha chigawo. FC Lichinga idatuluka mu ligi mu 2010.

Apa ndipo pamene ndisiyana maganizo ndi abale anga a pa dooko. Timu ikagonja, mlandu umagwera amene ali pafupi ndi diso kapena khutu: woyimbira mpira wagulidwa, mphunzitsi sadziwa kusintha osewera, goloboyi adagona kumowa, alendo adakwirira mankhwala pa golo, akuluakulu a komiti adya ndalama za pakhomo. Zina mwa izi nthawi zina zimakhala zoona, pakuti mpira uli ndi akuba ake monga ntchito ina iliyonse ya ana a anthu. Koma mukachotsa mphunzitsi khumi motsatizana, mtunda wa ku Maputo sufupika ndi phazi limodzi. Mkwiyo wa wochemerera wa kuno ndi wolungama, koma kawirikawiri umagogoda pa khomo lolakwika, ndipo chifukwa chake ndi chija ndanena za mganda: makolo athu adali eni boma lawo, pamene ife tili alendo oitanidwa ku phwando la thumba la wina, ndipo mwini thumba akatopa palibe mfumu ya mudzi imene ingamuitanitse pa bwalo.

Chaka cha 2016 chidaphunzitsa zimenezi momveka. Desportivo de Niassa idakwera mu Moçambola, anthu nasesanso mabenchi a 1º de Maio, koma idakhalamo chaka chimodzi chokha. Ndipo potsika idatsika pamodzi ndi Desportivo de Maputo, timu ya Coluna, imene idatenga ligi kasanu ndi kamodzi, komaliza mu 2006. Patapita zaka zitatu, mu 2019, Maxaquene ya Eusébio nayo idatsika. Amene adaseka Niassa kuti ndi kuthengo adaona nyumba zawo zakale zikugwa ndi nthenda yomweyo ya kuuma kwa thumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'zaka zomwezo chikho chidapita ku Beira mu 2016 ndi ku Songo mu 2017 ndi 2018, kwa njanji ndi kwa damu, monga mwa lamulo lija.

Pakali pano anyamata ambiri a kugombe apeza njira ina yopulumukira ku zowawa za kwawo. Magetsi ndi masola atafika, tinyumba ta kanema tadzaza pa Metangula ndi m'midzi ikuluikulu, ndipo mwana amene sadafikepo ku Lichinga adziwa mayina a osewera onse a Manchester United, Arsenal, Sporting ndi Porto, nalira misozi yeniyeni United ikamapunthwa, monga yakhala ikuchitira chichokere Alex Ferguson mu 2013. Sindiwadzudzula kwambiri, pakuti agogo awo adachita chimodzimodzi ndi Benfica, ndi atate awo ndi Bullets. Ndipo pamene aona Reinildo Mandava, mwana wa ku Beira, akutenga ligi ya France ndi Lille mu 2021, kapena Geny Catamo akumwetsa zigoli ku Sporting, aona chinthu cha kwawo ndithu. Chokhacho ndinena nchakuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene mtima wake uli ku Blantyre Loweruka, ku Manchester Lamulungu ndi ku Lisbon usiku wake, kawirikawiri amagona atagonja katatu.

Timu imene idadzanyamula dzina la Niassa pambuyo pake ndi Ferroviário de Lichinga, ndipo dzina lake lokha likuuzani kuti chigawo chathu chidalowa pa khomo lomwe lija la makampani, pakuti njanji itadzuka timu ya njanji idadzuka nayo. Idapeza malo mu Moçambola kumapeto kwa 2019, koma mliri wa Covid-19 udafafaniza mpikisano wa 2020, ndipo pamene ligi idayamba mu January 2021 malamulo a mliri adatsekereza anthu kunja kwa mabwalo, kotero kuti a mumzinda wa Lichinga, okhala pafupi ndi mpanda wa bwalo, adamvera timu yawo pa wayilesi monga amvera a ku Ngoo ndi ku Cobué. Chaka chimenecho idasewera bwino kuposa mmene ambiri adayembekezera, nikhalabe mu ligi, ndipo kukhala ndi CFM kumbuyo kwaipatsa mpweya umene FC Lichinga ndi Desportivo de Niassa zidausowa. Koma amene adaona matimu awiri akukwera ndi kugwa saika mtima wonse pa yachitatu. Amasonkhabe ya matola, amakwerabe chitunda cha ku Maniamba ndi mbatata yootcha m'thumba, ndipo asananyamuke amayamba aimbira foni mbale wa ku Lichinga kufunsa ngati ndege ya alendo yatera, chifukwa mpira umene ndandanda idaulemba Lamulungu ukhoza kusunthidwa kufikira Lachitatu, ndipo msodzi sangasiye chilimira masiku anayi nyengo ya usipa.